Kodi mu New York wa Adatchi munalibe tsankho?

FUNSO: Ndimagwira ntchito ku Cape Town, ndipo tsiku lina ndinalowa m'nyumba yakale ija ya Slave Lodge, mmene kampani ya Adatchi, anthu a ku Netherlands, inkasungira akapolo ake. Nditamufotokozera mwana wanga amene akuphunzira ku New York, anandiuza kuti mzinda umenewonso anauyambitsa ndi Adatchi, koma kumeneko ankalandira munthu wa mtundu uliwonse, moti anthu akuda anali ndi minda yawo ndipo ankamangitsa maukwati m'tchalitchi. Ine zandivuta kukhulupirira. Kodi Adatchi a kumeneko anali a mtima wina? Nanga munthu wakuda ankamuwerengera kuti ndani? (Bambo wina, Cape Town)

YANKHO: Bambo, mwana wanu sananame. Pa chilumba cha Manhattan, pamene panayambira mzinda wa New York, panalidi anthu a ku Africa amene anali ndi minda yolembedwa m'maina awo, ankamangitsa ukwati m'tchalitchi chimodzi ndi azungu, ndipo ena ankasumira azungu kukhoti n'kupambana. Koma kukayika kwanuko musakutaye. Ine ndikamawerenga zolembedwa za nthawi imeneyo sindiona anthu a mtima wofewa kuposa a ku Cape. Ndimaona dera limene malamulo a ukapolo anali asanakhwime. Munthu ankayamba kumuyang'ana chipembedzo chake, amene akumugwirira ntchito, ndi phindu limene akubweretsa, khungu n'kubwera pambuyo. M'zaka 40 zokha khungu linadzakhala patsogolo, ndipo mapazi a kusinthako amaoneka bwino m'mabuku a khoti ndi a mpingo.

Makampani anali awiri. Imene inatumiza Jan van Riebeeck ku Cape mu 1652 inali VOC, ya malonda a kum'mawa. Ya ku America inali West India Company, yokhazikitsidwa mu 1621, imene inapatsidwa malonda onse a Adatchi kugombe la kumadzulo kwa Africa ndi ku America. Dera lake la kumpoto linkatchedwa New Netherland. Likulu linali New Amsterdam, kunsonga ya kumwera kwa chilumba cha Manhattan, ndipo kumtunda kwa mtsinje wa Hudson kunali Fort Orange, pamene lero pali mzinda wa Albany. Chimene ankafuna kumeneko ndi zikopa za kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, zimene ku Ulaya ankapangira zipewa zodula. Kalata ya mu November 1626 yonena kuti chilumbacho chagulidwa kwa eni nthaka ndi katundu wokwana ma guilder 60, ndalama za Adatchi, ndi yomweyonso imene ikuwerenga zikopa za beaver 7,246 zimene zinafika ku Amsterdam pa sitima imodzi. Maso a eni kampani anali pa zikopazo.

Nanga "Mdatchi" wa ku New Amsterdam anali ndani? Dziko la Netherlands panthawiyo linali pa ulemerero, ntchito zinalipo, ndiye ndi ochepa amene ankalolera kuwoloka nyanja kukayamba moyo kutchire. Kampani inkangotenga aliyense wovomera. Mabanja oyamba, amene anafika mu 1624, ambiri anali a mtundu wa Walloon, olankhula Chifalansa, amene anathawa kwawo chifukwa cha chipembedzo. Peter Minuit, amene amadziwika ndi kugula Manhattan, anabadwira ku Wesel, ku Germany. Kunali a ku Norway, a ku Denmark, Ajeremani ndi Angelezi. Wansembe wa Chikatolika, Isaac Jogues, atadutsako mu 1643 analemba kuti bwanamkubwa anamuuza kuti kumeneko kukulankhulidwa zinenero 18, pomwe amuna onse anali 400 kapena 500 okha. Ndipo mlendo woyamba amene tikudziwa kuti anakhalitsa pa Manhattan sanali wa ku Netherlands. Anali Juan Rodriguez wa ku Santo Domingo, wa magazi a ku Africa ndi a Chipwitikizi, amene anatsika m'sitima ya Adatchi mu 1613 n'kukana kupita nayo ku Ulaya, natsala akugula zikopa kwa eni nthaka.

Khamu losakanikirana chotere silikanadzitcha mtundu umodzi. M'makalata a khonsolo, akafuna kudzisiyanitsa ndi eni nthaka, kawirikawiri ankadzitcha Akhristu. Mfundo imeneyi muigwire, chifukwa malire a chipembedzo munthu atha kuwadumpha pobatizidwa, pamene malire a khungu sadumphika. Nkhani yonse ya anthu akuda ku New Amsterdam yagona pamenepa.

Ndisanafike kwa iwo, ndinene mwachidule za eni nthaka, pakuti pa iwo m'pamene nkhani yoti Adatchi anali ololera imagwa msanga. A Mohawk, a kumtunda, anali amphamvu ndipo ndiwo ankabweretsa zikopa zambiri, choncho ankapatsidwa ulemu, mphatso ndi mfuti. A Lenape, oyandikana ndi Manhattan, zikopa zinali zitawathera ndipo nthaka yawo inkasiririka. Mu 1639 bwanamkubwa Willem Kieft anawalamula kupereka msonkho wa chimanga, zikopa kapena mikanda ya zigoba za m'nyanja, imene inkagwira ntchito ya ndalama m'dera lonselo. Usiku wa pa 25 February 1643 asilikali ake anaukira anthu amene anathawira ku Pavonia, kutsidya kwa mtsinje, napha pafupifupi 80 ali m'tulo, amayi ndi makanda omwe, ndipo enanso pafupifupi 40 anaphedwa pa Manhattan pomwe. Nkhondo imene inabuka inatha mu 1645 itatsala pang'ono kufafaniza dera lonse. Mu 1660 Peter Stuyvesant, amene analowa m'malo mwa Kieft, anatumiza eni nthaka ogwidwa pa nkhondo ya ku Esopus kukagwira ukapolo ku chilumba cha Curaçao, ku nyanja ya Caribbean. Ulemu unkatsata mphamvu za munthu.

Anthu oyamba a ku Africa obwera ngati akapolo anafika cha mu 1626 kapena 1627. Ambiri a m'zaka zoyambazo Adatchi sanawagule ku Africa, ankachita kulanda m'sitima za Apwitikizi ndi za ku Spain panyanja, pakuti inali nthawi ya nkhondo. Tamvani maina awo: Paulo d'Angola, Simon Congo, Anthony Portuguese, Pieter Santomee, Gracia d'Angola, Jan Francisco, Manuel wamkulu ndi Manuel wamng'ono. Dzina loyamba ndi lachikhristu, lachiwiri likutchula kumene anachokera: Angola, Kongo, chilumba cha São Tomé. Mfumu ya ku Kongo inabatizidwa mu 1491, ndipo pofika nthawi imene tikukambayi Chikatolika chinali chitazika mizu kumeneko kwa zaka zoposa 100. Ndiye ambiri mwa anthuwa anafika akudziwa kale ubatizo, Chipwitikizi, ndi mmene azungu a m'madoko amayendetsera zinthu. Sanali alendo pa nkhani za mpingo ndi mapepala.

Mwini wawo anali kampani. Ndiwo anamanga nawo linga la Fort Amsterdam, limene linatha mu 1635. Ankadula mitengo, kuotcha laimu, kuswa mphanje ndi kulambula misewu, ndipo mu 1653 anagwira nawo ntchito yomanga mpanda umene unapatsa dzina msewu wa Wall Street. Koma ku Netherlands kwenikweniko ukapolo sunali wovomerezeka, choncho oweruza a ku New Amsterdam analibe buku la malamulo a akapolo loti atsegule. Kapolo akafika kukhoti ankamumva ngati munthu wina aliyense wapansi. Ankatha kupereka umboni, kulandira malipiro a ganyu amene wagwira pa nthawi yake, ndi kuweta ziweto zake. Mu 1638 Anthony Portuguese anasumira mwini munda wina chifukwa galu wa munthuyo anavulaza nkhumba yake, ndipo khoti linagamula kuti alipidwe.

Mlandu umene umandionetsa bwino nzeru za anthuwa ndi wa mu January 1641. Kapolo wina wa kampani, Jan Premero, anapezeka ataphedwa pafupi ndi nyumba zawo. Gulu la akapolo anzake linabwera kukhoti n'kuvomera kuti anamupha onse pamodzi, ndipo palibe amene analoza yemwe anamenya komaliza. Khonsolo inasowa pogwira. Kunyonga onse kukanakhala kutaya antchito amene dera lonse linkadalira. Anaganiza zochita maere kuti Mulungu aloze mmodzi, ndipo maere anagwera Manuel de Gerrit de Reus. Pa tsiku lonyongedwa anamukweza pa makwerero atamumanga zingwe ziwiri m'khosi. Atamukankha, zingwe zonse ziwiri zinaduka, iye n'kugwa pansi wamoyo. Anthu amene anabwera kudzaonerera anafuula kuti amukhululukire, ndipo khonsolo inakhululukira iye ndi anzake onse. Ine ndimakhulupirira kuti amunawa anawerengera bwino lomwe mtengo umene kampani inkawaikira, ndipo anaugwiritsa ntchito kuteteza moyo wa mnzawo. Patatha zaka zitatu, ambiri mwa amuna omwewa anabweranso pamodzi kukhonsolo, ulendo uno kudzapempha ufulu.

Yankho la pempho lawo linatuluka pa 25 February 1644, chaka chimodzi ndendende chichitikire kuphedwa kwa anthu ku Pavonia. Amuna 11, amene chikalatacho chimati anatumikira kampani zaka 18 kapena 19, anamasulidwa pamodzi ndi akazi awo, ndipo anapatsidwa malo olima. Apa m'pamene pachokera zimene mwana wanu wamva. Koma tiwerenge chikalatacho mpaka kumapeto. Mwamuna aliyense ankayenera kupereka ku kampani chaka ndi chaka miyeso 30 ya chimanga, tirigu, nandolo za kumeneko kapena nyemba, imene ikakhala ya chimanga ndi matumba pafupifupi 11 a makilogalamu 50, kuwonjezapo nkhumba imodzi yonenepa ya ma guilder 20. Wolephera kupereka ankabwerera ku ukapolo. Kampani ikawafuna ankayenera kupita kukagwira ntchito, ngakhale kuti tsopano ankalipidwa. Amene munamva kwa agogo za thangata wa m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu muzindikira kafungo kake: malo ukhalapo, koma mwini malo ali ndi gawo pa thukuta lako. Kusiyana kwake n'kwakuti chikalata cha 1644 chinali ndi mfundo ina yoopsa kuposa zonsezi. Ana awo, obadwa kale ndi odzabadwa m'tsogolo, anayenera kukhalabe akapolo a kampani.

Taganizani, bambo, inu amene mwaphunzitsa mwana mpaka ku New York. Mwamuna ndi mkazi wake ali mfulu, munda ndi wawo, koma mwana amene akuyamwa ndi katundu wa kampani. Akatswiri a mbiri amati umenewu unali ufulu wa theka, ndipo sindiona kuti akuwonjeza.

Malo amene anapatsidwawo nawonso ali ndi nkhani. Anali kumpoto kwa tauni, kunja, kumene minda ya azungu inali itatenthedwa pa nkhondo ya Kieft. Ena anayamba kulandira malowa mu 1643, nkhondo ili mkati, ndipo mmodzi mwa oyamba anali mayi wamasiye, Catalina Anthony. Kampani inapeza zinthu zitatu nthawi imodzi: chakudya cha tauni yanjala, kupepukidwa pa udindo wosamalira akapolo okalamba, ndi anthu oti adani akabwera ayambe kukumana nawo. Muuzeni mwana wanu kuti akamadutsa pa Washington Square Park, ku Greenwich Village, akuponda mbali ya minda imeneyi.

Si azungu onse amene anavomereza za anawo. Mu 1649 gulu la nzika lotsogozedwa ndi Adriaen van der Donck linalembera boma la ku Netherlands dandaulo lalitali lotsutsa kampani, ndipo mwa zina linati n'zosemphana ndi malamulo a mitundu yonse kuti mwana wobadwa kwa mayi wachikhristu amene ali mfulu akhale kapolo. Mlembi wa kampani, Cornelis van Tienhoven, anayankha kuti ana amene akutumikira ndi atatu okha. Onani pamene odandaulawo anaika mphamvu. Sanatsutse ukapolo wonse. Chinawakhumudwitsa n'chakuti mayiyo ndi Mkhristu.

N'chifukwa chake anthu akuda anaugwira mpingo ndi manja awiri. Mpingo wovomerezeka unali wa Reformed, ndipo unkayang'aniridwa ndi akuluakulu a mpingo a ku Amsterdam, omwenso ankayang'anira mpingo wa ku Cape, kumene kunadzachokera amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889. Mbusa Everardus Bogardus, amene anatumikira kuyambira 1633 mpaka 1647, ankabatiza ndi kukwatitsa anthu a ku Africa. Buku la maukwati likuonetsa kuti mu May 1641 Anthony van Angola anakwatira Lucie d'Angola, onse awiri atafedwa amene anali nawo poyamba. Mu 1650 mwamuna wina wa ku Hessen, ku Germany, anakwatira m'tchalitchi momwemo mayi wina wa ku Angola dzina lake Maria. Pakati pa 1639 ndi 1655 ana akuda oposa 50 anabatizidwa.

Buku la ubatizo limeneli ndi chuma kwa ife ofufuza mbiri, chifukwa pa mwana aliyense pankalembedwa mboni. Maina omwewo amabwerezabwereza. Uyu aimira mwana wa uyo, chaka chamawa uyo aimira mwana wa uyu. Anthu amene anachotsedwa kwa abale awo anali kuluka chibale chatsopano, ndipo chibalecho chinkagwira ntchito pa nthawi ya mavuto. Mu 1643 mayi wina, Dorothy Angola, anaimira pa ubatizo kamwana kotchedwa Anthony. Makolo a mwanayo atamwalira, anamutenga n'kumulera ngati wake. Mu 1661 iye ndi mwamuna wake, Emanuel Pietersen, analembera khonsolo kupempha kuti mnyamatayo alengezedwe kuti ndi mfulu, kuti adzathe kulowa chuma chawo, ndipo anafotokoza kuti anamulera okha popanda kampani kutayapo kanthu. Pempholo linavomerezedwa. Mayi wina wokalamba, Mayken van Angola, amene anati anatumikira kuyambira 1628, anamasulidwa pamodzi ndi anzake awiri kumapeto kwa 1662, koma anauzidwa kuti azisinthana kukakonza m'nyumba ya bwanamkubwa sabata iliyonse. Pambuyo pake anabwereranso kukapempha kuti ntchitoyo imuchoke, ndipo anapatsidwa ufulu wonse. Palibe chimene anthuwa anachilandira osachipempha, ndipo ankadziwa khomo loti agogode.

Pali munthu wina amene amasokoneza aliyense wofuna kugawa anthu a ku New Amsterdam m'magulu awiri a oyera ndi akuda. Ndi yemwe uja galu wake anavulaza nkhumba ya Anthony Portuguese. Dzina lake linali Anthony Jansen van Salee. Bambo ake, Jan Janszoon wa ku Haarlem, anali wachifwamba wa panyanja amene analowa Chisilamu nakhala mtsogoleri wa achifwamba ku Salé, ku Morocco. Mabuku a khoti amamutchula Anthony kuti Mturuki, ndipo adani ake ankanyoza khungu lake. Komabe anali mfulu, anali ndi munda waukulu pa Manhattan, ndipo anakwatira mzungu, Grietje Reyniers. Mu 1639 anathamangitsidwa m'tauni chifukwa cha milandu yosatha ya kutukwanizana, makamaka ndi abusa a Bogardus ndi akazi awo. Koma boma lomwelo linamupatsa malo aakulu ku Long Island, cha ku Gravesend, ndipo ana ake aakazi anakwatiwa ndi azungu, mbumba yake n'kusungunukira m'mabanja a Adatchi. Kumtunda nako kunali ana a abambo achidatchi ndi amayi a Chimohawk, monga Hilletie van Olinda, amene anakulira kwa amayi ake, nadzabatizidwa atakula, n'kukhala womasulira wodalirika pakati pa mitundu iwiriyi. Mawu onyoza khungu analipo, ndipo lamulo la mu 1638 linaletsa chigololo ndi achikunja kapena anthu akuda. Koma khungu lokha linali lisanakhale chigamulo cha moyo wonse wa munthu.

Za kulolera zipembedzo, zimene anthu a ku New York amanyadira lero, zimafunika kuzipima. Lamulo la Adatchi linkalola munthu kukhulupirira zimene akufuna mumtima ndi m'nyumba mwake, koma kupembedza poyera kunali kwa a Reformed okha. Stuyvesant, mwana wa mbusa, ankalimbikira zimenezi kuposa mabwana ake. Mu September 1654 Ayuda 23 anafika kuchokera ku Recife, Apwitikizi atalanda Brazil m'manja mwa Adatchi, ndipo iye analembera ku Amsterdam kupempha kuti awachotse. Eni kampani anakana mu 1655, ndipo zifukwa zimene anapereka ndi zakuti Ayuda anataya zambiri ku Brazil komanso kuti ena mwa iwo anali ndi ndalama zambiri m'kampanimo. Mmodzi wa Ayudawo, Asser Levy, anachita kulimbana kuti amulole kulondera tauni ngati amuna anzake, ndipo mu 1657 anapeza unzika wa mzinda. Mbusa wa Lutheran amene anafika chaka chomwecho analamulidwa kubwerera. Anthu a ku Flushing amene analemba kalata mu December 1657 yokana kuthamangitsa a Quaker, gulu la Akhristu lochokera ku England, atsogoleri awo anamangidwa. Choncho pa nthawi ina mayi wa ku Angola wobatizidwa ankaimika mwana wake kutsogolo kwa tchalitchi, pamene Mjeremani wa Lutheran sankaloledwa kukhala ndi mbusa wake. Kumene kulolera kunapambana, kunapambana chifukwa eni kampani ankaopa kuti dera lisowa anthu.

Tsopano kusintha kuja. Pa zaka zonsezi kampani inali ikuzama m'malonda a anthu. Inalanda Curaçao mu 1634, linga la Elmina ku Ghana wa lero mu 1637, ndipo inagwira Luanda kuyambira 1641 mpaka 1648. Brazil itatayika mu 1654, Curaçao inasanduka msika waukulu wa akapolo, ndipo Stuyvesant ankalamulira chilumbacho pamodzi ndi New Netherland. Mu 1655 sitima yotchedwa Witte Paert inafika ku New Amsterdam kuchokera ku Africa ndi anthu pafupifupi 300. Awa sanali ngati oyamba aja. Ankagulitsidwa pa msika kwa wopereka zambiri, ena n'kupititsidwa kumwera ku minda ya fodya ya Angelezi. Akapolo anayamba kuchuluka m'manja mwa anthu wamba, ndipo munthu amene walipira ndalama zake salola kuti ubatizo umulande katundu. Stuyvesant mwiniwake anali ndi anthu akuda pafupifupi 40 pa munda wake.

Kuyambira cha mu 1655 maina a ana akuda akuzimiririka m'buku la ubatizo. Chifukwa chake anachilemba yekha mbusa Henricus Selijns mu 1664, m'kalata yopita ku Amsterdam. Anati anthu akuda amabwera kudzapempha kuti ana awo abatizidwe, koma abusa akuwakana, chifukwa sadziwa mokwanira za chikhulupiriro ndiponso chifukwa chimene akufuna n'chakuti ana awo amasuke ku ukapolo. Kalata imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikaiwerenga. Kholo kufuna kuti mwana wake asakhale kapolo linasanduka tchimo lomutsekera kunja kwa mpingo. Khomo limene Paulo d'Angola ndi anzake analowerapo linatsekedwa ndi Adatchi eni ake, Angelezi asanafike.

Mu August 1664 sitima ya Gideon inatsitsa anthu 290. Patangopita masabata ochepa sitima za nkhondo za Angelezi zinaima padoko, ndipo kumayambiriro kwa September Stuyvesant anapereka tauni kwa mtsogoleri wawo, Richard Nicolls, ndipo New Amsterdam inasanduka New York. M'tauni ya anthu pafupifupi 1,500 munali akapolo pafupifupi 300 ndi anthu akuda amene anali mfulu pafupifupi 75. M'masiku omwewo a chipwirikiti, amuna asanu ndi atatu a ufulu wa theka anaona kuti madzi achita katondo, nathamangira kukhonsolo kukapempha ufulu wonse, poopa kuti boma latsopano silidzazindikira ufulu wotere. Anaupeza chaka chisanathe.

Mantha awo anali ndi maziko. Mu 1706 New York inakhazikitsa lamulo loti ubatizo sumasula kapolo ndiponso kuti mwana amatsata mayi ake. Akapolo ataukira mu 1712, lamulo latsopano linaletsa omasulidwa kukhala ndi nyumba kapena malo, ndipo mbuye wofuna kumasula kapolo ankayenera kuika chikole cha mapaundi 200. Minda ija ya kumpoto kwa tauni inachoka pang'onopang'ono m'manja mwa zidzukulu za eni ake. Mabanja ena, monga la De Vries ndi la Manuel, anali atasamukira kale ku Tappan, kutsidya kwa Hudson, kumene anagula malo pamodzi ndi alimi achidatchi. Anthu akuda analetsedwa kuikidwa m'manda a tchalitchi cha Trinity mu 1697, ndipo manda awo a kunja kwa tauni anaiwalika mpaka 1991, pamene omanga nyumba ya boma anafukula mafupa a anthu 419.

Koma tisasenzetse Angelezi katundu yense. Alimi olankhula Chidatchi anapitiriza kukhala m'midzi yawo kwa zaka zoposa 100 boma lawo litagwa, ndipo ndiwo anali pakati pa osunga akapolo ambiri kumpoto konse kwa America. Pa kalembera wa 1790, ku Kings County, kumene lero ndi Brooklyn, pafupifupi munthu mmodzi pa atatu alionse anali kapolo. M'nyumba zimenezi akapolo ankabadwa akulankhula Chidatchi. Chikondwerero cha Pentekoste, chimene Adatchi ankachitcha Pinkster, chinasanduka cha anthu akuda. Ku Albany ankasonkhana paphiri masiku angapo, kuimba ng'oma ndi kuvina motsogozedwa ndi mkulu wina wobadwira ku Africa amene ankamutcha King Charles, mpaka khonsolo ya mzindawo inaletsa mu 1811. Amenewa anali masiku ochepa pachaka amene mwamuna ankatha kuona mkazi ndi ana ake ogulitsidwa ku munda wina.

Ndiye mukafunsa kuti munthu wakuda ankamuwerengera kuti ndani, taonani ana awiri a m'chigwa cha Hudson, onse oyamwa Chidatchi. Martin Van Buren anabadwa mu 1782 ku Kinderhook, m'nyumba imene munali akapolo. Chingelezi anachiphunzira kusukulu, ndipo mu 1837 anakhala pulezidenti wa United States. Isabella anabadwa cha mu 1797 ku Ulster County, kwa makolo amene anali akapolo a banja la Hardenbergh. Ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi anagulitsidwa pamodzi ndi nkhosa kwa banja lolankhula Chingelezi, ndipo ankamukwapula chifukwa sankamva zimene akumutuma. Chinenero, chakudya ndi mapemphero a ubwana wake zinali zachidatchi ngati za Van Buren, koma palibe amene anamuwerengera kuti ndi Mdatchi. Anachoka kwa mbuye wake mu 1826, chaka chimodzi ukapolo usanathe ku New York pa 4 July 1827. Atamva kuti mwana wake wamwamuna, Peter, wagulitsidwa mozemba lamulo ku Alabama, anapita kukhoti la ku Kingston kukasuma, ndipo mu 1828 anamubweza. Mu 1843 anadzipatsa dzina limene mwana wanu alipeze m'mabuku a kusukulu kwake, Sojourner Truth, dzina limene anatchuka nalo polimbana ndi ukapolo.